Chaka Chimene Saidi Anayamba Kundipatsa Ulemu

Ana inu, mukabwera kuno ku Mtendere simukhalitsa. Mumagwada pakhomo, mumafunsa za mwendo wanga, mumasiya shuga patebulo, kenako wina amasuzumira pafoni n'kunena kuti mabasi ayamba kuvuta. Sindikudandaula. Ndikungofotokoza chifukwa chake ndalemba izi m'malo mokuuzani pakamwa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma dzanja langa limawerengeka. Iwe Dalitso, poti ukuti ukuphunzira za malamulo, uwerengere anzako mokweza. Usathamange ngati uja wolengeza maliro pa wailesi.

Tsiku lija unandifunsa ngati ndikukumbuka nthawi imene anasintha lamulo lalikulu la dziko, lija inu mumati konsitichushoni. Ndinati ndikukumbuka, n'kulekera pomwepo. Unayang'ana mlongo wako Mutinta ngati ukuti nkhalamba yaiwala. Ndinakuona. Sindinaiwale. Kungoti yankho lake si louza munthu amene waimirira, chikwama chili paphewa.

Ndiyambire kutali pang'ono.

Ndinabwera mu Lusaka ndili mnyamata, pamwamba pa lole yonyamula matumba a mtedza kuchokera ku Chipata. Msewu unali fumbi lokhalokha. Pofika pa Luangwa tinali titafiira ngati njerwa, ndipo kamba wathu anali chinangwa chowotcha ndi nsomba youma yogula pamlatho. Lero mumanyamuka m'mawa, madzulo muli ku Chipata, n'kumadandaula kuti mpando unali wolimba. Ntchito ndinaipeza ku kampani ya boma ya mabasi, kumatayala. Kunalibe makina ochotsera tayala ngati amene mumaona masiku ano. Kunali zitsulo ziwiri zotokosera, nyundo, ndi msana wako. Puloti ino ndinalandira kuno kukadali tchire ndi miyala. Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndekha, agogo anu aakazi, amake Dailesi, akutunga madzi ndi chidebe chimodzi.

Chidebe chimenecho ndicho chinandifikitsa kwa Saidi.

Chinayamba kudontha pansi. Inu simudziwa kuti chidebe chinkakonzedwa. Chinali chamalata, cholemera, ndipo chinkakhala m'nyumba mpaka ana kukula. Chikabooka unkapita nacho kwa mmisiri. Anandiuza kuti kuseri kwa msika kuli wokhoma malata. Ndinamupeza atakhala pa kampando, kofia yoyera kumutu, pakati pa miyendo pali chidutswa cha njanji chimene ankakhomerapo. Pambali pake panali sizasi yaikulu yodulira malata, nyundo yamtengo, ndi chitsulo chosungunulira mtovu chili pa mbaula. Pa waya anali atapachika zimene ankapanga: zidebe, mabafa, mafanelo, mbaula, ndi tinyale ta koloboyi ta zitini za mkaka. Koloboyi ndiye nyale imene amayi anu anawerengera mpaka kukhoza mayeso, mphuno zili zakuda ndi utsi. Musaseke. Magetsi akazima masiku ano mumakhala ngati nkhuku zonyowa.

Anatenga chidebe changa, anachiloza kudzuwa, n'kupeza pamene ndinayesa kumata ndi phula la kuntchito.

"Wagwira ndani apa?"

"Ine."

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Chipata. Ndine Zulu."

"Ndaona," anatero. "Mngoni amadziwa kuboola basi. Kutseka sadziwa."

Ana inu mukundidziwa. Sindine munthu woseka. Kuntchito ankandiopa. Kutchalitchi ankandisiyira mpando wakutsogolo imvi zisanamere. Palibe amene anali atandiyankhulapo choncho m'tauni muno. Ndinayang'ana kofia ija ndipo ndinati, "Iwe Mchawa, ubwerera liti kwanu?"

Sanatukule ndi mutu womwe. "Tsiku limene iwe udzabwerera ku Joni kumene agogo ako anathawa ndi ng'ombe za eni. Tidzakwera basi imodzi. Ine pampando, iwe pa tayala."

Ndinaseka mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka.

Za chimbuya mumadziwako, ngakhale inu mumangochionera pamaliro, Abemba akutipaka ufa kumaso ife Angoni. Ndi ubale wotukwanizana. Mbuya wako akhoza kukunena chilichonse pagulu, ndipo iwe sukwiya, umangobweza. Saidi sanali Mbemba. Anali Myao, Msilamu. Iye anati kwawo kwa bambo ake Ayao ndi Angoni nawonso amatero. Sindinafufuze ngati n'zoona. Ndinangovomera.

Ndikuti kwawo kwa bambo ake chifukwa Saidi mwiniyo anabadwira muno mu Lusaka. Bambo ake ndiwo anachoka ku Nyasalandi wapansi, akupita kumigodi ya kummwera, n'kutopera pano, n'kukhala wophikira mzungu. Saidi ku Malawi anali asanapondeko. Lusaka ankamudziwa kuposa ine. Ankakulozera masitolo n'kunena kuti apa panali dambo, tinkagwirapo achule. Aliyense pamsika ankadziwa zimenezo. N'chifukwa chake funso langa linali loseketsa. Gwirani bwino pamenepa.

Funsolo linasanduka moni wathu. Popita kuntchito ndinkadzera kuseri kwa msika, ngakhale inali njira yozungulira. Ine mawu anga anali omwewo masiku onse. Iye yankho sankabwereza. Lero ati akudikira ndiphunzire kaye kusamba, sangasiye dziko m'manja mwa anthu onunkha mbewa. Mawa ati tikiti wagula kale koma dalaivala wakana kunyamuka, wamva kuti matayala anamanga ndi Zulu. Nyengo ya mbewa ndinkagula zoyanika dala n'kukadyera pa shedi yake. Iye ankatseka mphuno ndi kofia n'kumauza ogula kuti, "Pepani amayi, mphaka wathu wakula, wayamba kuvala jekete." Agogo anu ankati, "Amuna awiri andevu, simuchita manyazi?" Koma pa Idi mbale ya mpunga yochokera kwa Abiti Musa, mkazi wa Saidi, ankailandira ndi manja awiri. Ndipo pa Khirisimasi nkhuku yathu ankatiphera ndi Saidi, ndi mpeni wake ndi pemphero lake, kuti a kwake nawonso adyeko.

Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi. Zinalembedwa m'lamulo lalikulu lomwelo kuti chikhale chimodzi. Tinkafola mzere wa unga, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira amene tinkati saladi. Ukaona anthu afola unkayamba waima, kufunsa pambuyo. Anthu atatopa, anatiuza kuti kudzakhala voti ya inde kapena ayi, tinene ngati tikufuna zipani zambiri. Tinakonzeka. Kenako anati voti ija palibe, aphungu achotsa okha mawu aja ku Nyumba ya Malamulo, pulezidenti wasaina. Anthu anavina m'misewu. Ine sindinavine, koma ndinakondwa. Ndinkati achita choncho chifukwa tonse tinali titavomera kale ndi phokoso. Ndinapeza chimene ndinkafuna, ndiye sindinafunse kuti chadzera khomo liti.

Zipani zitachuluka mizere inatha. M'masitolo munadzaza zinthu, m'matumba mwathu munauma. Kunabwera salaula, zovala zakale za kunja, matelala anapinda makina awo. Kampani yathu ya mabasi inatsekedwa. Tinamvera pachipata, ndipo mlonda amene ndinkamugawira fodya ndiye anatitsekera geti, akuyang'ana pansi. Kwa Saidi kunabwera zidebe za pulasitiki, zofiira, zabuluu, zopepuka, zotchipa. Chikasweka umataya. Anthu anasiya kubweretsa zokonza. Anatsala ndi mbaula zokha, chifukwa pulasitiki sangasunge malasha amoto.

Pasanapite nthawi amake Dailesi anamwalira. Za matenda awo ndisiya, amayi anu akudziwa. Ndinena chimodzi. Titabwera kumanda ndinakhala pakhonde osadya. Abusa anandinyengerera, ndinakana. Azilamu anga anandinyengerera, ndinakana. Onse ankayankhula motsitsa mawu: "Bambo Zulu, yesani pang'ono." Saidi anabwera ndi mbale n'kuigwetsera pamwendo panga.

"Idya, chitsiru iwe. Ukufuna tikumbe dzenje lina? Mapiki aja anali obwereka, tabweza kale. Mayi uja wapirira nkhope yako zaka zonsezi. Musiye apumeko, usamutsatire msanga."

Anthu anadzidzimuka. Ine ndinadya.

Ndinalibe ntchito, ndinalibe mkazi, amayi anu anali kumabanja awo. M'mawa ndinkatseka chitseko n'kupita kuseri kwa msika. Kumeneko ndinali ndi kampando kanga. Ndinkamugwirira lata akamadula, n'kumamuuza kuti wadula mokhota. Iye ankati lata likukhota chifukwa likuopa nkhope ya wogwira. Tsiku linkatha. Munthu wonditchula kuti iwe m'dziko lonse lino anatsala iye yekha.

Ndiye boma linati lamulo lalikulu liunikidwenso, lija linakonzedwa mothamanga. Anasankha gulu la anthu, komishoni, kuti lizungulire dziko lonse kumva maganizo. Aliyense ankaloledwa kukayankhula, ngakhale wa Sitandade 4. Pamsika panayamba kumveka kuti ena akupempha zoti wofuna upulezidenti akhale munthu amene bambo ake ndi mayi ake onse ndi obadwira m'dziko lino. Aliyense ankadziwa amene akumulasa kumwambako: pulezidenti wakale uja, amene makolo ake anachokera ku Nyasalandi. Za kumwamba sizinandikhudze. Koma ndine wa kum'mawa. Kwathu malire amadutsa m'munda. Mayi amabadwira tsidya ili la mtsinje, mwana tsidya ilo, onse a pabanja limodzi, maliro amodzi. Mawu amenewo sanandikomere.

Ndinauza Saidi kuti tipite tikanene.

"Ine ndikufuna upulezidenti?" anatero. "Ndilamulire ndani, iwe? Dziko la odya mbewa ndingalitani?"

"Nyamuka."

"Mbaula zanga agulitsa ndani?"

"Palibe akugula. Nyamuka."

Tinapita ku holo ina m'tauni, ine jekete, iye mkanjo wake woyera wa Lachisanu. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, anthu a masuti, madzi m'majagi. Ena ankayankhula mpaka kuwalanda chokuzira mawu. Mayi wina ananena za akazi amasiye amene amalandidwa nyumba. Bambo wina anapempha kuti alembemo zoti mowa utsike mtengo. Itafika nthawi yanga ndinanena ziwiri. Choyamba, makolo a munthu muwasiye, ambiri ali m'manda, sakupikisana ndi aliyense. Chachiwiri, chilichonse chimene mulembe mubwere nacho kwa ife, tinene inde kapena ayi. Ndinakhala pansi. Mmodzi wa a masuti aja anagwedeza mutu n'kulemba. Saidi sanayankhule kutsogolo. Anangondinong'oneza kuti, "Kodi unali ndi nzeru nthawi yonseyi? Unkazisunga kuti?"

Pobwerera tinakwera minibasi. Titapitirira Kalingalinga Saidi anafunsa, osaseka.

"Zulu, nanga akalembabe?"

"Alembe. Sichidutsa."

"Ukudziwa bwanji?"

"Lamulo limeneli salisintha ngati mtengo wa unga. Ayenera kubwera kwa ife. Ine ndinaponyapo voti yotero ndili mnyamata, ufulu ukadali watsopano. Inde kapena ayi. Adzabwera, ndipo tidzakana. Kum'mawa konse kudzakana."

"Ukanama ndidzakukhomera bokosi lamalata. Lodontha."

Ndinamuuza zimene ndinkadziwa.

Miyezi inapita. Komishoni inapereka lipoti lake. Mawu a makolo aja analimo. Koma munalinso mawu akuti lamulo latsopano livomerezedwe ndi msonkhano waukulu wa anthu ochokera kumbali zonse, kenako voti ya dziko lonse. Ndinauza Saidi kuti, "Waona?" Boma linatenga lipotilo, linasankhamo zimene likufuna, zina linakana. Za makolo linatenga. Za kubwera kwa ife linakana.

Dalitso, amayi ako Dailesi ankataipa mu ofesi ina m'tauni nthawi imeneyo. Loweruka lina anabwera ndi nyuzipepala. Anandifotokozera atagwada.

"Atate, si mmene mukuganizira. Akafuna kusintha amayamba alengeza m'nyuzipepala ya boma, papite mwezi. Kenako aphungu amakambirana n'kuvota. Akavomera awiri mwa atatu alionse, ndipo avomere choncho kawiri, pulezidenti amasaina, basi chatha. Voti ya anthu onse imafunika akakhudza gawo la ufulu wa munthu. Mawu awa sakuwaika m'gawo limenelo."

Ndinati, "Nanga ija ndinaponya ine?"

Anayang'ana pansi. "Atate, ija inali yofunsa ngati mukulola kuti aphungu azisintha okha, osabweranso kwa inu. Munati chiyani?"

Tinati inde. Komboni yathu yonse ya Mtendere inati inde, ndi nyimbo zomwe. Anatiuza kuti tikudula zingwe zimene atsamunda anasiya. Ndinauza Dailesi kuti akaike tiyi. Anamva, sanabwerezenso.

Kwa Saidi sindinakanene. Ndinkati mwina Dailesi wawerenga molakwika. Ndinkati mwina a matchalitchi ndi maloya amene ankakana pa wailesi awabweza. Akandifunsa ndinkati, "Dikira." Iye ankati, "Lata la bokosi lako ndasunga."

Sanabwere kwa ife. Aphungu a chipani cholamula anali ochuluka kupitirira awiri mwa atatu aja. Ena otsutsa anatuluka m'nyumbamo, otsalawo anavota, pulezidenti anasaina. Tinamva pa wailesi ngati mmene umamvera zigoli za mpira umene sunaonere.

Kunali kutayamba kuzizira. M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa msika monga mwa masiku onse. Pafupi ndi Saidi panali pataikidwa kantemba, kasitolo kamatabwa, ka munthu wina dzina lake Bonifasi, wogulitsa zidebe za pulasitiki zija. Anali wobadwira m'tauni, bambo wa ana ake, wokonda misonkhano ya chipani. Anthu angapo anali pamenepo akuwotha dzuwa. Saidi anali akukhoma.

Ndinanena zimene ndinkanena m'mawa uliwonse kuyambira tsiku la chidebe. Mawu omwewo, liwu lomwelo.

"Iwe Mchawa, ubwerera liti kwanu?"

Saidi asanatsegule pakamwa, Bonifasi anaomba m'manja. "Ehe! Mwamvela, ba Saidi? Na banzanu bakamba. Manje si ise, ni lamulo. Muyenda liti? Mutisiyileko malo, mabaketi yanga yalibe poika."

Anthu anaseka. Ndinali nditamva anthu akuseka funso limenelo zaka zonsezo, ndinkadziwa kamvekedwe kake. Uku kunali kuseka kwina. Ena sanaseke, anangoyang'ana kumbali.

Ndinati, "Iwe, khala chete. Izi ndi za ine ndi mbuya wanga."

"Ah, ba Zulu, nalakwa chani? Si ndimwe mwafunsa? Ine nathandizila chabe."

Ndinatembenukira kwa Saidi kudikira kuti amuphwanye, atiphwanye tonse awiri. Pakamwa pake pankatha kugwetsa munthu ngati Bonifasi asanamalize kuomba m'manja. Anaika nyundo pansi. Anaimirira, chinthu chimene anali asanandichitirepo. Anatenga kampando kanga, anakapukuta ndi nsanza, anakaika bwino.

"Mwadzuka bwanji, bambo Zulu? Khalani."

Ndinakhala. Ndinamugwirira lata tsiku lonse. Pomaliza anati zikomo.

Ndinkati ndi za tsiku limodzi. Funso lija ndinalisiya, sindine wopusa. Ndinayesa zina. Ndinanyoza kofia yake, anati aichapa. Ndinabwera ndi mbewa, anasuntha zitsulo kuti ndidye momasuka. Ndinati mbaula zake n'zopindika ngati miyendo ya mwini wake, anati, "Ndiyesa kuwongola, bambo." Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino, ndikanadziwa pogwira.

Tsiku lina Bonifasi atapita kukaoda katundu, ndinamufunsa osazungulira.

"Saidi, lamulo lija ndi la ofuna upulezidenti. Iwe silikukuthamangitsa. Reji yako, chitupa chako cha unzika, ndi yobiriwira ngati yanga, ya mwini dziko."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndiye ubambowu ukuchokera kuti?"

Anapitiriza kudula lata mpaka kumapeto, kenako anayankha. "Mdzukulu wanga wabwera kuchokera kusukulu dzana, akufunsa ngati ife ndife a kuno zenizeni kapena a kuno pang'ono. Anzake amuuza. Kale inu mukafunsa funso lija, msika wonse unkadziwa yankho. Tsopano ena sakulidziwa. Ndikaseka ndi inu, ndasekanso ndi iwo. Ndikakutukwanani, mawa adzati mlendo watukwana mwini dziko." Anaika sizasi pansi. "Munati adzabwera kudzatifunsa."

Ananena kamodzi kokha. Sanabwerezenso.

Ndinati, "Ndinanena zimene ndinkadziwa."

"Zoona," anatero.

Inu mwina mukuti ndikanapepesa. Ndipepese chiyani? Mawu anga sanasinthe. Chinasintha ndi pepala limene ine ndi iye sitinaligwirepo, m'nyumba imene sitinalowemo. Ndinakana pamaso pa komishoni, masanasana, ndi dzina langa. China chimene ndikanachita sindikuchidziwa mpaka lero.

Mvula isanayambe anasamuka. Anati malonda atha, maso afooka, mwana wake Yusufu wamuitana ku Chaisa, kufupi ndi mzikiti ndi anthu ake. Zonsezo zinali zoona. Anabwera kunyumba kuno kudzatsanzika mwadongosolo, anakhala pampando wa alendo, uwo mumaikapo zikwama zanuwo. Pamalo pake Bonifasi anayalapo mabeseni.

Dzinja limenelo ndinakhala pakhonde. Ndinali ndisanadziwe kuti tsiku ndi lalitali choncho. Ndinkasesa pabwalo, kenako n'kusesanso posesedwa kale. Ndinkaphika kamodzi, zotsala mawa. Kumsika ndinkapita kukagula ndiwo basi, ndipo ndinkadzera kutsogolo. Odutsa ankapereka moni, "Muli bwanji, ba shikulu," ndiye kuti agogo, n'kupitirira. Kutchalitchi anandiika m'gulu la akulu oweruza milandu ya mabanja. Ndikalowa achinyamata ankasiya nkhani zawo. Ndikatuluka ankayambiranso, ndinkawamva kuseri kwa khoma akuseka.

Chimanga chitayamba kuuma ndinakwera minibasi. Ku Chaisa ndi mabasi awiri, umatsika m'tauni n'kukwera ina. Si kutali. Ndinafunsa wokhoma malata, anandilozera. Anandilandira bwino kwambiri. Anandilowetsa m'nyumba, osati kuseri kumene ndinamva nyundo ikulira ndisanagogode. Abiti Musa anabweretsa tiyi wamkaka m'kapu ya alendo, yamaluwa, ili pa sosala. Tinakamba za mvula. Tinakamba za mwendo wanga ndi maso ake. Tinakamba za mtengo wa malasha. Tiyi atatha panalibe china. Anandiperekeza mpaka pokwerera, anaima dzanja lili pachifuwa mpaka basi inanyamuka, monga amachitira kwa shehe wawo.

Sindinapitenso. Ulemu ndinali nawo wokwanira ku Mtendere, panalibe chifukwa choukwerera mabasi awiri.

Dalitso, m'mabuku ako mwina alemba kuti mawu a makolo aja anadzawachotsanso patapita zaka zambiri. N'zoona. Anachotsa aphungu ena, m'nyumba yomweyo, awiri mwa atatu, wina n'kusaina. Ndinamva pa wailesi. Nditamva ndinalibe womuuza. Ukadzakhala loya, ukadzamva kuti akusintha lamulo limeneli, usadzangofunsa kuti alembamo chiyani. Udzafunsenso kuti lidzera kwa ndani lisanakhale lamulo, ndiponso kuti m'mawa mwake kuseri kwa msika anthu adzalimva bwanji. Za mayeso zako zikathera pa awiri mwa atatu, dziwa kuti sizinathe.

Saidi anamwalira nyengo yotentha, mawu aja asanachotsedwe. Asilamu sagoneka maliro. Anamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe anali ataikidwa. Yusufu anabwera kuno patapita masiku kudzandiuza. Anagwada apo mumagwada inupo. Anati bambo ake sanadwale nthawi yaitali, sanavutike. Kenako anayamba kupotokola zala.

"Ba tate banasiya mau yanu," anatero. "Banafunsa ngati mukali moyo. Ninakamba ati ee, bakali. Ndiye banaseka maningi, bati nikakuuzeni ati..." Anaima.

"Nena."

"Ah, ba shikulu. Ni vosayenela. Yenze matenda chabe."

"Ndati nena. Monga mmene ananenera."

"Siningakwanise. Imwe ndimwe bakulu. Banakamba voipa maningi, na ba mai banabakalipila."

Ndinamukalipira. Ndinamunyengerera, ine amene sindinanyengererepo munthu. Ndinati mawuwo ndi katundu wanga, alibe ufulu wowasunga. Iye anangowerama. "Munikhululukile, ba shikulu." Anaomba m'manja mwaulemu n'kunyamuka. Analeredwa bwino mwana uja. Ndikumva anasamukira kumigodi, ndipo Abiti Musa nawo anatsatira mwamuna wawo chaka chisanathe.

Ndiye mukandipeza pakhonde ndikuyendetsa milomo, musamakodolane kuti agogo ayamba kuyankhula okha. Ndimakhala ndikuyesa kupeza kuti ananena chiyani. Ndapeka angapo, ena ndi abwino ndithu. Koma palibe ndi amodzi omwe amene Abiti Musa akanakalipirira munthu ali pa mphasa ya imfa.